Nkhokwe ikadzaza chimatsala n'chiyani? Stronghold Crusader, Banished, Manor Lords ndi anzake

Mbiya
Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumakonda magemu omanga midzi ndi malinga a nthawi yamakedzana ku Ulaya. Manor Lords inatuluka pa 26 Epulo 2024 ndipo phokoso lake tonse tinalimva. Isanatuluke n'komwe anthu oposa 3 miliyoni anali ataiika kale pa wishlist (mndandanda wa magemu amene akufuna kudzagula) ya Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndipo pasanathe mwezi inali itagulidwa ndi anthu 2 miliyoni. Ndaisewera mokwanira tsopano, ndipo pa kukongola palibe inzake. Chikundivuta n'chakuti mudzi ukangokhazikika, anthu akudya, nkhuni zilipo, ndimapeza kuti palibenso chondikoka. Pomwe Stronghold Crusader ya 2002 ndikaiyatsa madzulo tulo timathawa. Kodi ndi ine ndekha? Magemu atsopanowa apitadi patsogolo kapena angosintha malaya? Amene munagwirako Knights and Merchants, The Settlers, Anno 1404, Banished, Foundation kapena Farthest Frontier, bwerani tikambirane.

Kamtedza
Simuli nokha achimwene. Crusader sikupatsa mpata wopuma, chifukwa chilichonse chimene ukumanga pali mdani amene akuchiyang'ana. Minda simera pamchenga, imangomera pa kadambo kobiriwira kaja pakati pa chipululu, ndiye ukadzalapo tirigu udziwe kuti Saladin kapena Richard, mafumu amene ukulimbana nawo mu gemuyi, akufunanso malo omwewo. Munda, chigayo, kophikira buledi, nkhokwe, zonse uziganizira pamodzi ndi khoma ndi nsanja za oponya mivi.

Chinanso ndi nambala ija yoonetsa mmene anthu akukukondera. Ikatsika pansi pa 50 anthu amayamba kusamuka, ntchito zimaima, ndipo ulibenso woti umupatse uta. Ukufuna kukweza msonkho? Wonjezera phoso, kapena onetsetsa kuti m'nkhokwe muli mitundu yonse inayi: nyama, tchizi, buledi ndi maapozi. Apo ayi tsegula malo omwera mowa kapena manga tchalitchi. Ukafuna kuti anthu agwire ntchito mwachangu umaika zoopseza ngati mtengo wonyongerapo, koma chikondi chimatsika. Ukadzala maluwa amakukonda koma ntchito imayenda pang'onopang'ono. Zonsezi umazimva m'mphindi khumi, koma kuziyendetsa bwino adani atatu ali pakhomo ndi nkhani ina.

Nangozo
Ine ndikukana pang'ono a Kamtedza. Crusader ndimaikonda, koma ija ndi gemu yomanga linga, osati mudzi. Taonani nyumba za anthu mmenemo. Mukhoza kuziponya kumapeto kwa mapu, palibe amagonamo, palibe amabadwiramo. Anthu amangotulukira pa moto uja wa pakhomo la mfumu. Kulibe nyengo yachisanu, tirigu amacha nthawi iliyonse. Msika wakenso, mwadina batani chitsulo chalowa pompo, palibe wamalonda amene wayenda ulendo.

Mudzi weniweni uli mu Banished ya 2014, imene Luke Hodorowicz anailemba yekhayekha. Mulibe nkhondo, mulibe ndalama, malonda ndi osinthana katundu basi. Koma anthu amafa. Amafa ndi njala, amafa ndi kuzizira ngati simunawaze nkhuni zokwanira, ndipo zipangizo zikatha wosula asanapange zina, aliyense amagwira ntchito mochedwa, chakudya n'kuchepa, njala n'kulowa. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ukalamba. Achinyamata sabereka ngati alibe nyumba yawoyawo. Ndiye mukasiya kumanga nyumba chifukwa zinthu zikuyenda bwino, pakapita zaka anthu onse amakalamba pamodzi, maliro amatsatizana, ndipo minda imasowa wolima. Vuto limenelo munalidzala nokha kalekale pamene nkhokwe zinali zodzaza. A Mbiya, yankho la funso lanu lili pamenepo.

Mbiya
Apo mwakhudza penipeni asisi. Ndiye funso langa ndilikonze: nkhokwe ikadzaza, gemu iliyonse imakusiyira chiyani choti uope? Mu Crusader ndi mdani, mu Banished ndi ukalamba. Mu Manor Lords?

Mzati wa ku Joni
Ndiyankhe ine, chifukwa Manor Lords ndimaiikira kumbuyo. Choyamba tisaiwale kuti inatuluka ngati Early Access, kutanthauza kuti mwini wake ananena poyera kuti sinathe. Greg Styczeń wa ku Poland anayamba ntchitoyi yekha, pansi pa dzina la Slavic Magic, ndipo anachenjeza isanatuluke kuti anthu asayembekeze nkhondo zikuluzikulu ngati za m'magemu a Total War. Kuiyerekeza ndi Crusader, imene inali yomalizidwa komanso yomangidwa pa Stronghold ya 2001, si chilungamo kwenikweni.

Koma taonani zimene yachita zomwe akale sanathe. Umayamba mwezi wa Malichi ndi mabanja asanu ogona m'matenti ndi ng'ombe imodzi. Ng'ombe imeneyo ndiyo mudzi wonse, chifukwa ndi imene imakoka chipika chilichonse kupita pomwe mukumanga, chimodzichimodzi. Ukalamula nyumba zambiri nthawi imodzi umaiona ikungoyendayenda ndipo palibe chikutha. Katundu ukamusiya panja mvula imamuwononga. Ndipo puloti ya banja umaijambula wekha, yopindika motsata msewu. Ukaitalikitsa kumbuyo, banja limapeza malo a dimba la ndiwo, khola la nkhuku kapena la mbuzi, kenako mudzi ukakula bambo wa pakhomopo amasanduka wosoka nsapato kapena wosula. Ndiye chakudya chambiri sichichokera ku munda waukulu, chimachokera kuseri kwa nyumba za anthu. Mwini gemu anatengera mmene midzi ya ku Franconia ku Germany inkamangidwira m'zaka za m'ma 1300.

Za choopa: asilikali ako ndi amuna omwewo a m'mabanja aja. Ukawaitana kukathamangitsa achifwamba, ntchito zawo zimatsala. Akafa, wafa wodula mitengo, wafa wa pachigayo. Mu Crusader oponya mivi makumi asanu akafa umangogula ena. Mu Manor Lords ndimaganiza kawiri ndisanapite kunkhondo nthawi yokolola mu Seputembala.

Kamtedza
Za ng'ombe ndi mapuloti ndikuvomera amwene, n'zokoma zedi. Koma mdani wake baroni uja, pamene gemu inkatuluka, analibe ngakhale mudzi pa mapu. Amangotumiza asilikali ochokera kunja n'kumalanda zigawo. Sungamuzinge, sungamuotchere minda. Mu Crusader adani aja otchedwa Khoswe, Njoka, Nkhumba ndi Mmbulu aliyense amamanga linga lake mwa khalidwe lake, ndipo ukangoona kamangidwe umadziwa amene ukulimbana naye.

Madala Linga
Ana anga, mundilole ndibwerere m'mbuyo, chifukwa nkhaniyi sinayambire pa Stronghold. Simon Bradbury, mmodzi mwa amene anayambitsa Firefly Studios mu 1999, anachokera ku Impressions Games komwe kunapangidwa Lords of the Realm II ndi Caesar III. Koma mzere wina, umene ine ndimauona kuti ndiwo unabala Manor Lords, ndi wa ku Germany. The Settlers ya Volker Wertich inatuluka mu 1993 pa Amiga, ndipo The Settlers II mu 1996. Mmenemo msewu umaudula ndi timbendera, ndipo pakati pa mbendera ziwiri pamakhala munthu mmodzi wonyamula. Amatenga thabwa pano, kukalisiya pa mbendera inayo, mnzake n'kulitola. Msewu ukatanganidwa kwambiri amabweretsa bulu wothandiza. Ukamanga misewu molakwika umaona ndi maso ako katundu ataunjikana pamphambano, ndipo a kumigodi amasiya ntchito chifukwa nsomba ndi buledi sizikufika.

Kenako mu 1998 kunabwera Knights and Merchants ya Joymania. Imeneyo ndiyo ndimaitenga ngati muyeso. Kachigawo kalikonse ka msewu kamadya mwala umodzi, ndipo mwalawo wina aunyamule. Munthu aliyense, kaya wophika kaya mlimi, njala ikamugwira amasiya ntchito n'kupita kukadya buledi, soseji ndi vinyo. Nkhumba umazidyetsa zokolola za m'munda, nyama ipite kwa wopanga soseji, chikopa chipite kukafufutidwa kuti chikhale chovala chankhondo. Asilikali nawo amamva njala, ndipo antchito ako amayenda wapansi kuwapititsira chakudya kumene ali. Ukapita nawo kutali osaganiza za mimba zawo, amafa osaona mdani.

Ndiye ine muyeso wanga ndi uwu: kodi buledi amene munthu akudya ndingamulondole ndi maso kuyambira m'munda? Settlers, Knights and Merchants ndi Manor Lords zimakhoza mayesowa. Zina zambiri zimangochotsa nambala apa n'kuwonjezera apo.

Mzati wa ku Joni
Zikomo madala, zimenezi sindimazidziwa bwino. Knights and Merchants imathekabe pa Windows ya masiku ano?

Madala Linga
Imatheka. Gulani yoyambirira ija, imene ili ndi The Peasants Rebellion ya 2001, kenako ikani KaM Remake imene anapanga okonda gemuyi. Imakonza za sikirini zazikulu ndipo mumasewera ndi anzanu pa intaneti. Ya Settlers II, ngati mulibe ndalama, yesani Widelands. Ndi yaulere ndipo inatengera kachitidwe ka timbendera komweko. Wertich mwiniwake anabwereranso ndi Pioneers of Pagonia kumapeto kwa 2023.

Nachisale ku Leeds
Madala, ndi ulemu wonse, muyeso wanuwo ukuponya kunja gemu imene ine ndimaiona kuti ndi mfumu ya zonse, Anno 1404 ya 2009. N'zoona kuti katundu akalowa mosungira, nyumba zimangomulandira popanda womunyamula. Koma pa funso la a Mbiya, palibe imene imayankha bwino kuposa iyi. Nkhokwe siidzaza, chifukwa anthu ako akakhuta amayamba kufuna zina. Alimi wamba amakhutira ndi nsomba ndi chakumwa cha maapozi. Akakwera udindo akufuna zokometsera ndiwo ndi nsalu zabafuta. Akakweranso akufuna buledi, mowa, mabuku. Olemekezeka akufuna nyama, vinyo, malaya aubweya ndi magalasi amaso. Ndipo chilumba chako sichingamere zonsezo.

Zokometsera zimamera kum'mwera kokha, ku zilumba zachipululu, ndiye uyenera kugwirizana ndi Al Zahir, nduna yaikulu ya kumeneko, kutsegula mudzi kumeneko, kuthirira nthaka ndi mawilo otunga madzi aja, ndi kudyetsa anthu akumeneko zipatso za kanjedza ndi mkaka wa mbuzi. Kenako ukonze ulendo wa zombo. Chombo chimodzi chikamizidwa ndi achifwamba a panyanja, pakapita kanthawi mzinda wako wakumpoto wayamba kudandaula, msonkho watsika, ndalama zolipirira migodi palibe. Nthawi imene umamaliza kumanga kathedulo wamkulu uja umakhala ukuyendetsa zilumba zambiri zodalirana. Ndinasewerako Anno 1800, ndi yaikulu kuposa, koma 1404 ili ndi kudekha kwake, ndipo History Edition ya 2020 imayenda bwino pa makina a lero.

Madala Linga
Mwanena zoona mwanawe, ndipo zombo zija umazionadi zikuyenda, ndiye pang'ono zimakhoza mayeso anga. Chondisowetsa mtendere ndi chakuti munthu wa mu Anno 1404 sagwira ntchito. Munda umalimidwa ngakhale pachilumbapo pasakhale nyumba ndi imodzi yomwe. Anthu ndi pakamwa ndi thumba la msonkho basi.

Tsabola
Akuluakulu, mukuisiya bwanji Age of Empires II? Ya 1999 ija mpaka lero anthu akupikisana nayo, ndipo Definitive Edition ya 2019 ikulandirabe zatsopano.

Nangozo
Ndi gemu yabwino kwambiri achimwene, koma ndi ya mtundu wina. Munthu wa mmenemo ukamulipira chakudya 50 pomupanga, sadzadyanso mpaka kufa. Nyumba ndi chilolezo chongowonjezera chiwerengero. Mudzi wake ndi fakitale ya asilikali, ndipo wopambana ndi wachangu pa zala.

Tsabola
Chabwino, ndamva. Koma ndinaitchula pa chifukwa china. Mwa magemu onse amene mwatchula, ndi iti ili ndi Africa? Age of Empires II inatulutsa The African Kingdoms mu 2015, muli a Mali, a Ethiopia ndi a Berber, ndipo umasewera nkhani ya Sundjata amene anayambitsa ufumu wa Mali. Age of Empires IV nayo inawonjezera a Mali mu 2022. Enawa ambiri ndi Ulaya yekhayekha, matalala ndi matchalitchi.

Chiwaya wa ku Harare
Mwandidzutsa a Tsabola, ndimangowerenga mwakachetechete. Zaka za m'ma 1300 zomwe Manor Lords ikusonyeza, kuno Great Zimbabwe inali pachimake. Amene simunafike ku Masvingo, mudzapiteko. Makoma a miyala yosanjikiza popanda matope kapena simenti, ena otalika mamita 11. Chuma chake chinali ng'ombe ndi golide. Golideyo ankatsika kupita ku Sofala, m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique, kenako pa zombo kupita ku Kilwa, mzinda umene Ibn Battuta anaufika mu 1331 n'kuutamanda. Ofukula zakale anapeza mbale za ku China ndi mikanda yagalasi ku Great Zimbabwe, ngakhalenso ndalama yachitsulo ya ku Kilwa.

Tsono taganizani gemu ya kachitidwe ka Anno 1404 koma zombo zikuyendera mphepo za monsoon, zimene zimaomba mbali imodzi miyezi ina n'kutembenuka miyezi ina. Ukachedwa kunyamuka, wadikira mpaka nyengo ina. Kumtunda mdani wako si chisanu, ndi chilala, kashembe amene amapha ng'ombe, ndi msipu umene ukutha mzinda ukamakula. Zonse zimene madala akufuna kuona ndi maso zilimo: mapira kuchokera m'munda, mwala kuchokera paphiri, anthu onyamula katundu pamutu ulendo wa masabata. Styczeń anayamba yekha, Hodorowicz anamaliza yekha. Sindikuona chimene chingaletse mnyamata kapena mtsikana wa kuno kwathu amene akuphunzira mapulogalamu opangira magemu ngati Unreal kapena Godot kuyamba ndi kamudzi kamodzi.

Mlangizi
Mfundo yokoma imeneyo, ndipo ndikufuna ndionjezerepo za nthaka, chifukwa ntchito yanga ndi ya ulimi ndipo magemu ambiriwa amandikhumudwitsa pamenepo. Mu Stronghold munda ndi makina otulutsa tirigu. Mu Banished munda ukhoza kudzala mbewu yomweyo zaka zonse nthaka osatopa. Manor Lords inayesetsa: ili ndi chonde chosiyana pa mbewu iliyonse, tirigu, balere, fulakesi, ndipo umakonza zaka zitatu kuphatikizapo chaka chogoneka munda. Koma imene inafika penipeni ndi Farthest Frontier ya Crate Entertainment, anthu amene anapanga Grim Dawn, imene inayamba kugulitsidwa mu Ogasiti 2022.

Mmenemo munda uliwonse uli ndi kalendala ya zaka zitatu, ndipo umaika mbewu motsatizana m'miyezi ya chaka. Tirigu amadya chonde kwambiri. Nyemba, nsawawa zachizungu ndi kaudzu kaja ka clover zimabwezera. Ukabwereza mbewu za banja limodzi, matenda amakhazikika m'munda. Uyenera kusiya nthawi yoti anthu azule udzu ndi kutola miyala. Nthaka ina ndi yamchenga, ina ndi yadongo, ndipo ukhoza kuisakaniza kuti igwirizane ndi mbewu. Pali ngakhale munthu amene amatola zonyansa m'makomo kupita nazo kopangira manyowa, manyowawo n'kubwerera kumunda. Ndi kasinthasintha wa mbewu yemweyo amene timauza alimi, kuti pomwe panali chimanga chaka chino padzalidwe mtedza, soya kapena nandolo.

Ndipo a Mbiya, mu gemu iyi nkhokwe yodzaza ndiyo vuto. Chakudya chimaola. Ndiwo zamasamba sizikhalitsa, nyama uyenera kuiwamba, zina uziike m'chipinda chapansi kapena m'migolo. Tirigu wambiri amaitana makoswe, makoswe amabweretsa mliri. Zitsime zikachepa kapena sopo akasowa, kolera ndi kamwazi zimalowa. Chuma chikachuluka, achifwamba amabwera ambiri ndi zida zogumulira khoma. Kulemera kulikonse kumabwera ndi tsoka lake.

Mzati wa ku Joni
Farthest Frontier ndinaiyesa bwana Mlangizi, ulimi wake palibe wotsutsa. Chimene chimandibweza ndi kamangidwe. Zonse zili m'mabokosi, misewu yowongoka, ndipo chifukwa nyumba zimakwera udindo zikakhala pafupi ndi zokongoletsa, mapeto ake aliyense amamanga tauni yofanana, msika pakati, nyumba mozungulira. Ukachoka ku Manor Lords komwe msewu umakhota motsata phiri, maso amakana.

Nachisale ku Leeds
Ngati nkhani ndi ya misewu yokhota, ulemu upite kwa Foundation ya Polymorph Games a ku Quebec. Inayamba mu 2019, Manor Lords isanabwere, ndipo inamalizidwa mu Januwale 2025. Sumanga nyumba za anthu. Umangopaka utoto pamalo kuti apa mukhoza kukhala, eni ake n'kusankha pomanga. Msewunso suujambula, umabadwa wokha pomwe anthu apondaponda popita kuchitsime ndi kumsika. Tchalitchi umachilumikiza wekha chidutswachidutswa, nsanja apa, khomo apo. Koma ndinene chilungamo, choopa mulibe. Asilikali amapita kukamenya nkhondo kunja kwa mapu, iwe umangolandira uthenga. Ndimaisewera ndikachoka ku ntchito ya usiku mutu utatopa, ndipo pa zimenezo ndi mankhwala. Amene akufuna kuthamanga magazi ngati a Kamtedza sangakhalitse.

Kamtedza
Mwandidziwa asisi. Ine ndikufuna kuona makwerero akutsamira pakhoma langa, amisiri akuthira mafuta owira, dzenje la phula likuyaka. Mndandanda uja wa nkhondo 50 za Crusader Trail mpaka lero pali zina zimene zimanditulutsa thukuta. Ndipo Firefly anatulutsa Definitive Edition ya Stronghold mu Novembala 2023, ya Crusader mu Julayi 2025, ndiye yakaleyo yavalanso zatsopano popanda kusintha mtima wake.

Mbiya
Ndawerenga zonse ndipo maganizo anga pa Manor Lords ndi awa. Chaka choyamba chake palibe gemu imene imachiposa. Kudikira ng'ombe, kuthamangira zipatso zakutchire chisanu chisanafike, kuona utsi ukutuluka m'nyumba yoyamba, kutsika n'kuyenda wapansi m'mudzi mwako. Koma Banished, Anno ndi Farthest Frontier zinapeza njira yoti kupambana kwako komweko kubale vuto lotsatira. Manor Lords ili ndi mbewu ya zimenezo m'nkhani ya amuna opita kunkhondo imene a Mzati anena, kungoti sinakule. Ana sabadwa n'kukula mmene zilili mu Banished, mabanja amangobwera kuchokera kunja anthu akakhala okondwa. Akadzalumikiza zimenezo, kuti nkhondo ya chaka chino ichepetse manja olima zaka zakutsogolo, Crusader ndidzaiika pambali. Pakadali pano zonse ziwiri zikhala mu kompyuta.

Mzati wa ku Joni
Apo tagwirizana. Ine ndimaibwerera pakatuluka update yaikulu, kuyamba mudzi watsopano, kenako kuipumitsa.

Dzungu
Pepani akuluakulu, ine ndine mwana wasukulu ndipo ndangolowa kumene. Laputopu yanga ili ndi RAM ya 4 GB, ilibe graphics card yapadera, ndipo bandulo ndimagula yaing'ono. Mwa zonsezi ndingayambire iti? Manor Lords ndimangoionera pa YouTube.

Mlangizi
Takulandirani achimwene. Manor Lords ndi Farthest Frontier muziiwale kaye, zimafuna RAM yosachepera 8 GB ndi graphics card, ndipo Manor Lords yokha imadya malo opitirira 10 GB. Mukaikakamiza mungotenthetsa makina.

Madala Linga
Mwana wanga, makina akowo ndi okwanira pa zinthu zabwino zambiri. Stronghold Crusader HD, osati Definitive Edition, iyenda popanda vuto. Knights and Merchants chimodzimodzi. Banished ndi yaing'ono kwambiri, siifika ngakhale theka la 1 GB. Widelands ndi yaulere. Ukamagula, yang'ana pa GOG, sitolo ina ya magemu ya pa intaneti, chifukwa kumeneko umatsitsa fayilo yoikira gemu n'kuisunga pa flash, ndipo sifuna intaneti kuti itseguke. Dikira nthawi ya sale, magemu akalewa amatsika mtengo kwambiri. Ngati ulibe khadi yolipirira kunja, pempha wachibale amene ali nayo akugulire ngati mphatso. Ndipo zolowera kusunga gemu pafupipafupi, chifukwa magetsi akazima batire yakale siyichedwa.

Dzungu
Zikomo kwambiri madala. Ndikuganiza zoyamba ndi Banished chifukwa cha zimene anena a Nangozo. Koma ndamva kuti ambiri amafa chisanu choyamba. Ndiyambe ndi chiyani?

Nangozo
Musayambe ndi munda, achimwene. Munda umafuna manja ambiri ndipo umakolola kamodzi pa chaka. Pezani nkhalango yowirira pafupi, pakati pake mumange nyumba ya otola zakutchire ndi ya alenje, pambali pake ya osamala mitengo kuti nkhalango isathe. Otola aja ndi amene adzakudyetseni zaka zoyamba, amabweretsa bowa, mizu, anyezi ndi zipatso. Ngati pali mtsinje, ikani asodzi pomwe madzi ndi ambiri. Kenako nyumba zamatabwa zokwanira banja lililonse, ndi wowaza nkhuni mmodzi amene asamasowe zipika. Nkhokwe ikhale pafupi ndi pogwirira ntchito, chifukwa nthawi yambiri ya anthu imathera m'njira.

Chisanu choyamba chikadutsa, mangani wosula zipangizo zimene munabwera nazo zisanathe, kenako wosoka malaya a zikopa zochokera kwa alenje. Sukulu imachedwetsa ana kuyamba ntchito, koma ophunzira amatulutsa zambiri, ndiye muimange mukangoona kuti chakudya chikutsala. Nyumba zatsopano muziwonjezera ziwiri kapena zitatu chaka chilichonse osalekeza, ndipo diso lanu likhale pa chiwerengero cha ana, osati cha akuluakulu. Alendo osamukasamuka akabwera kudzapempha malo, yang'anani nkhokwe kaye musanavomere, ndipo chipatala chikhale chomangidwa kale chifukwa nthawi zina amabwera ndi matenda.

Dzungu
Ndalemba zonse asisi. Mapu ndisankhe ya chigwa kapena ya mapiri?

Nangozo
Ya chigwa, kukula kwapakati, nyengo yofatsa, ndipo ngozi zadzidzidzi muzitseke kaye pa mudzi woyamba. Mukafika anthu 100 opanda njala mudzatiuze, tidzakuonetseni za doko la malonda ndi mmene mungagulire mbewu ndi nkhosa pogulitsa nkhuni.